Nkhope ya Mickey Rourke inatani?

Funso: Akulu, mu filimu ya Iron Man 2 muli mkulu wina wa zikwapu zamagetsi, akuti ndi Mickey Rourke ndipo ankachita nkhonya zenizeni. Nzoona zimenezi? Nanga nkhope ija inatani? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Nzoona achimwene. Anabadwa mu 1952 ku New York koma anakulira ku Miami, ndipo ali mnyamata ankaphunzira nkhonya ku 5th Street Gym, jimu yomwe ankapitako Muhammad Ali. Atavulala m'mutu anasiya nkulowa zamafilimu, ndipo m'ma 1980 anali dolo, atsikana ankachita kumufera.

Ndiye mu 1991, ndalama zikulowa bwinobwino, munthu anangotaya zonse nkubwerera mu ring'i, womuphunzitsa ali Freddie Roach yemwe uja anadzaphunzitsa Manny Pacquiao, anamenya mapikisano 8, anawina 6, awiri anafanana mphamvu. Koma tisanamizane, omwe ankamenyana nawowo sanali akatswiri. Mphuno inathyoka, fupa la patsaya linasweka, ndipo maopaleshoni okonza nkhope ndi amene anadzamalizitsa kuiwononga.

Anadzukanso ndi filimu ya The Wrestler mu 2008, analandira mphoto ya Golden Globe, koma mphoto yaikulu ya Oscar inapita kwa Sean Penn. Ine ndimaonabe kuti anamubera.