Kwa mayi amene mwana wawo wa Sitandade 7 akukana sukulu

Mayi anzanga, pepani ndi zomwe zakugweranizi. Kwa amene funsoli lakupitani: mayiwa akuti mtsikana wawo wa zaka 12 wayamba kudandaula mutu m'mawa uliwonse, koma Loweruka ndi Lamulungu ali bwinobwino. Atamufunsitsa waulula kuti anyamata atatu a m'kalasi mwake amamukoka siketi, amamugwira pachifuwa akamapanikizana pakhomo potuluka, amamuponyera timakalata, ndipo poweruka amamutchingira njira. Aphunzitsi a kalasi anangoti ndi ana, akusewera. Bambo a mwanayo akufuna akawathyape anyamatawo. Ndiye mayiwa akufunsa kuti atani.

Ndiyambe ndi amene mwalemba kuti amusokere yunifomu yaitali, kapena kuti "mwina nayenso amawasekerera". Chonde, mawu amenewa asafike m'makutu mwa mwanayo. Mtsikana wa msinkhu umenewu amakhala akuchita kale manyazi ndi thupi lake. Amayenda chowerama, buku atalikumbatira pachifuwa, juzi osavula ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Mukamuuza kuti vuto ndi siketi, amamva kuti wolakwa ndi iye, ndipo tsiku lomwe zidzafike poipa zenizeni sadzakuuzaninso. Mayi, mwana wanu wachita chinthu chovuta kwambiri: walankhula. Ambiri amangosiya sukulu mwakachetechete, ife n'kumati ndi ulesi. Muuzeni momveka kuti mwamukhulupirira, kuti sanalakwe, ndipo musamulonjeze kuti simuuza munthu, chifukwa muyenera kuuza anthu. Ingomuuzani amene mukawauze ndi chifukwa chake, kuti asadzadzidzimuke ataitanidwa ku ofesi.

Za kusewerazo. Ndaphunzitsapo ku pulaimale, ndipo ndikudziwa chomwe chimachititsa mphunzitsi kuyankha choncho. Kalasi ya ana oposa 100, ena okhala pansi, mayeso a MANEB ali pafupi, ndiye nkhani ya kukokana siketi imaoneka yaing'ono. Komanso m'kalasi imodzi ya Sitandade 7 mumapezeka mwana wa zaka 11 ndi mnyamata wa zaka 16 wobwereza, wa mawu a besi. Koma kusewera n'kwa anthu awiri, onse akuseka, ndipo wina akati basi zimatha. Apa wina akuseka, wina akudwala mutu. Ndipo zoti "akumufuna, n'chifukwa chake akumuvutitsa" tizisiye. Tikamauza atsikana kuti wokuvutitsa ndiye wokukonda, tisadzadabwe akadzapirira zibakera m'banja.

Nkhaniyi si yachilendo m'dziko muno. Kafukufuku wa boma wa nkhanza kwa ana wa mu 2013 anapeza kuti pafupifupi mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18. Kugwiridwa malo obisika usakufuna kunali m'gulu lomwelo. Malamulo nawo sazitcha masewera. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuvutitsa munthu ndi mawu, zizindikiro kapena kumugwira mokhudza zogonana iye asakufuna. Sindikunena izi kuti muthamangire kukamangitsa ana, ayi. Ndikufuna kuti mukakhala pamaso pa a hedi mudziwe kuti simukupempha chifundo.

Musanapite, khalani pansi ndi mwanayo ndi kope. Lembani tsiku, malo, amene anachita, zomwe anachita, ndi amene anaona. Osati "amandivutitsa" chabe, koma "Lachiwiri pa buleki, kuseri kwa zimbudzi, uje anandigwira bere, uje ndi uje akuseka". Timakalata tija musang'ambe ngakhale tikunyansani. Ngati zafika pa foni, poti ana a masiku ano ali ndi magulu awo a WhatsApp ngakhale foniyo ndi ya azakhali, jambulani mauthengawo musanawafufute. Kope limeneli ndi lomwe limasintha nkhani. Mayi wobwera ndi mkwiyo okha amamupepesa n'kumuperekeza pageti. Wobwera ndi masiku ndi maina amamupatsa mpando.

Kenako pitani kwa a hedi, osati kwa aphunzitsi a kalasi aja, ndipo musapite nokha. Tengani mmodzi wa amayi a mother group (gulu la amayi a m'dera lothandiza atsikana pasukulu), kapena wa komiti ya sukulu kapena PTA. Amayi a mother group amathandiza kwambiri pa nkhani zotere chifukwa amawadziwa makolo a anyamatawo, amakumana nawo kuchigayo ndi kutchalitchi. Mukafika musavomere yankho loti "tiziona". Funsani kuti achita chiyani, ndipo liti. Zina n'zosafuna ndalama n'komwe: anyamatawo asinthidwe malo okhala, atsikana azituluka kaye poweruka m'malo mopanikizana pakhomo, mphunzitsi wamkazi mmodzi akhale woti mwana wanu azithamangirako, ndipo wina aziyang'ana njira ya kuzimbudzi nthawi ya buleki. Onetsetsani kuti wosunthidwa ndi wovutitsayo. Kawirikawiri amachotsa mtsikana pa desiki yake yakutsogolo n'kukamuika pakona, ngati kuti chilango ndi chake.

Chinthu chimodzi mukakane ndithu: kumuimika mwana wanu pamaso pa anyamatawo, kapena pa asembule, kuti afotokoze zomwe anamuchita. Ena amati n'kofuna kumva mbali zonse. Mbali zonse zimveke, koma aliyense payekha. Apo ayi mawa lake sukulu yonse ikhala ikumuyeserera mawu ake, ndipo atsikana anzake omwe, amene ena mwa iwo akuvutitsidwanso ndi anyamata omwewo, amuthawa poopa kuti dzina lawo limveka.

Bambo a kunyumbako auzeni aziziritse mtima. Mkwiyo wawo ndi womveka, ndipo mwana amalimba mtima akaona kuti bambo ake zawakhudza. Koma akakamenya mwana wa eni, wogona m'chitolokosi ndi iwowo, nkhani n'kusanduka ya bambo womenya ana, za mtsikana zija n'kuiwalika. Mphamvu zawozo apite nazo ku ofesi ya a hedi, ndipo masiku oyambawa amuperekeze mwana kapena apeze wamkulu woyenda naye poweruka. Anyamatawonso ndi ana, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wa zaka 13 wogwira anzake mabere sanazitole kumwamba. Waziona kwa akuluakulu pa siteji ya minibasi akuimbira mluzu ana asukulu, kapena m'mavidiyo a pa foni, ndipo nthawi zina iyenso pali amene akumuchita zinazake. Afunika munthu wamkulu, makamaka bambo, womuuza maso ndi maso kuti izi ndi nkhanza, ndi chilango chomwe achimve. Makolo ake aitanidwe ndi sukulu, musawalondole kwawo. Mudzangomva kuti "mwana wanga sangapange zimenezo".

Sukulu ikazengereza, pamwamba pa a hedi pali a PEA, mlangizi woyang'anira sukulu za pulaimale za m'zoni yanu, amene amapezeka ku TDC (likulu la aphunzitsi la zoniyo), ndipo pamwamba pawo pali ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Kulinso ofesi ya Social Welfare, yomwe ili ndi alangizi oteteza ana m'madera. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya nkhani za ana, ndipo mwana yemwe akhoza kuimba ngati pali zomwe akuchita nazo manyazi kukuuzani inu. Kupolisi funsani a Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitidwa nkhanza. Ena amaopa kuti akapita kumeneko ndiye kuti mnyamatayo akalowa ndende ya akuluakulu. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati mwana wolakwa aweruzidwe ngati mwana, ndipo milandu ing'onoing'ono ikhoza kuthera pa uphungu osafika kukhoti. Koma mwana akakuuzani kuti zinapitirira pa kugwira, kuti anamukokera kwinakwake, musadikire a hedi kapena a mfumu. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo asanasambe, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72.

Zomusamutsa sukulu sindikuzikana kotheratu. Ngati mwayesa zonsezi koma mwana akuopabe geti la sukuluyo, musamutseni, thanzi lake ndi lofunika kuposa kupambana mkangano. Koma chisakhale choyamba. Ali mu Sitandade 7, chaka chamawa alemba mayeso, anzake ndi aphunzitsi omwe anawazolowera ali pomwepo, ndipo anyamata aja akaona kuti wachoka angotembenukira kwa wotsatira.

Pakatha sabata mubwererenso kusukuluko ndi kope lija, kaya zasintha kaya ayi. Ndipo madzulo musamufunse kuti "lero zinali bwanji", ayankha kuti bwino. Mufunseni kuti pa buleki anali ndi ndani, ndipo pobwera anadzera njira iti.