Kukwera Mapiri Opatulika ku Portugal: Yankho kwa Mayi a ku Ngabu

Mayi ena a ku Ngabu anditumizira imelo yonena kuti mwana wawo amene amagwira ntchito ku Portugal wawaitana kukacheza, ndipo akufuna kudziwa ngati munthu wachikulire wozolowera kuyenda m'chigwa chathu chino angathe kukwera wapansi kukafika kumalo opempherera amene anamangidwa pamapiri a kumeneko, komanso kuti ayambire pati.

Amayi, mungathe ndithu, koma ndikukulangizani kuti mtima wanu ukhale pa Bom Jesus do Monte, tchalitchi cha paphiri pafupi ndi mzinda wa Braga kumpoto kwa dzikolo. Alendo ambiri amathamangira ku Cristo Rei, chifanizo cha Khristu wotambasula manja chimene chinatsegulidwa mu 1959 ku Almada, tsidya lina la mtsinje wa Tejo moyang'anana ndi Lisbon, pothokoza Mulungu kuti dzikolo silinalowe nawo m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. N'chochititsa chidwi, ndipo mukhoza kuwoloka pa sitima ya pamadzi n'kukayamba kuyenda ku Cacilhas, koma chimene chimakufikitsani pamwamba penipeni ndi chikepe.

Ku Bom Jesus kukwerako ndiko pemphero. Masitepe ake, amene anayamba kumangidwa mu 1722, amaposa 500 ndipo amakwera mamita 116 mokhotakhota. Chigawo cha m'munsi chimadutsa m'mitengo, ndipo m'mbali mwake muli timatchalitchi tokhala ndi zifanizo za masautso a Ambuye, moti aliyense amene amayenda Njira ya Mtanda m'nyengo ya Lenti amatsatira bwinobwino ngakhale sadziwa Chipwitikizi. Chakumtunda kuli akasupe amene madzi ake amatuluka m'maso, m'makutu, m'mphuno ndi m'kamwa mwa zifanizo, kukumbutsa woyenda kuti ayeretse njira zimene tchimo limalowera, kenako pamabwera masitepe a chikhulupiriro, chiyembekezo ndi chikondi. Bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2019.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mawondo. Ife a ku Chigwa cha Shire timayenda mtunda wautali padzuwa la mu Okutobala osadandaula, koma kuchokera ku Nchalo mpaka ku Bangula miyendo sikumana ndi chitunda, ndipo kutsika masitepe kumapweteka kuposa kukwera. Choncho ulendo usanafike muziyeserera m'mamawa pa chikweza cha Thabwa kapena pa msewu wopita ku Chididi, pang'onopang'ono, mutavala nsapato zomwezo zimene mudzayende nazo, chifukwa nsapato yatsopano imatulutsa matuza. Ngati potsika mawondo adzavute, pali kasitima kakale ka mu 1882 koyenda ndi kulemera kwa madzi, ndipo kukwera kameneko si manyazi.

Ku Braga kumagwa mvula yambiri, ndipo miyala ya masitepe imaterera ikanyowa. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kumazizira koposa Juni wathu, motero mupemphe mwana wanuyo kuti akonze ulendo wa mu Meyi kapena Seputembala, ndipo muyambe msanga kufunsira viza ya Schengen, chilolezo cholowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Portugal, popeza imatenga nthawi.