Mwana wanga akuti ndimapondereza mayi ake

FUNSO: Mayi, ndine bambo wa zaka 52, ndimakhala ku Chawama mu Lusaka ndipo ndimayendetsa minibasi. Akazi anga amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Soweto. Mwana wathu wamkazi akuphunzira sosholoje, maphunziro a kakhalidwe ka anthu, ku yunivesite ya UNZA. Atabwera patchuthi anandiuza m'maso muli gwa kuti ndimapondereza mayi ake. Ine sindinawamenyepo, ya ndiwo ndimasiya. Komanso ndife Achewa a ku Katete, kwathu mtundu umatsata mkazi. Kodi za feminizimu, zomenyera ufulu wa amayi zija, si za azungu zongosokoneza ana?

YANKHO: Bambo, zikomo kuti simunam'tseke pakamwa mwanayo koma mwafunsa. Nane ndikufunseni: amayi kunyumbako amadzuka nthawi yanji, nanga amagona nthawi yanji?

Mayi anga analinso a pamsika. Tambala asanalire anali atanyamuka kukaoda ndiwo. Akabwerako madzulo, bambo ankakhala pampando kudikira madzi osamba, iwo n'kuyamba kukoleza mbaula, kuphika nsima, kuchapa mayunifolomu athu. Bambo anali munthu wofatsa, ndipo ndimawasowa mpaka lero. Kungoti zonsezi sankaziona ngati ntchito, poti palibe amene ankazilipira.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya mwana wanuyo. Kale akatswiri a sosholoje ankati ntchito ndi ya kumgodi, ya kufakitale ndi ya muofesi basi. Mu 1974, Ann Oakley anafalitsa zimene anapeza atacheza ndi amayi 40 a pabanja mu London: ntchito za pakhomo zinkawadyera maola pafupifupi 77 pa mlungu. Mu 1989, Arlie Hochschild wa ku America anazitcha shifiti yachiwiri, ija mkazi amaiyamba akaweruka kuntchito yolipidwa. Inu mukaimika minibasi ndiye kuti mwaweruka. Nanga amayi amaweruka liti? Kuponderezana kumene mwanayo akunena sikufuna chibakera. Kumakhala m'kagawidwe ka maola, ka ndalama, ndi m'funso lakuti mawu omaliza ndi a yani.

Za kwathu mwanena zoona, ndipo ine ndimazinyadira. Pa chikamwini mwamuna ndiye amasamuka, munda ndi wa kuchikazi, ana ndi a kwa mayi. Ngakhale ufumu wa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika umadutsa mwa Nyangu, mayi wa mzera wa mafumuwo. Koma taonetsetsani. Mwini mbumba ndani? Ndi atsibweni. Mlandu ukagwa amayankhula ndi iwo, ndipo pampando wa ufumu nthawi zambiri pamakhala mwamuna. Magazi amatsata mkazi, koma ndodo ili m'manja mwa mlongo wake. Ndiye tikafika mu Lusaka, ngakhale kachitetezo ka chikamwini kaja kamatsala kumudzi. Mapepala a puloti yanu ya ku Chawama ali m'dzina la yani?

Zoti nza azungu, ayi bambo, pamenepo ndikukana. Mama Julia Chikamoneka sanatumidwe ndi mzungu pamene anavula pamaso pa nduna ya atsamunda mu 1960 pofuna ufulu wa dziko lino. Sara Longwe anakanizidwa kulowa m'bala la hotela ina yaikulu mu Lusaka chifukwa analibe mwamuna womuperekeza, anakasuma, ndipo mu 1992 Khoti Lalikulu linagamula momukomera. Lamulo la chuma cha masiye la 1989, lija limapatsa ana magawo 50 pa 100 ndi mkazi kapena mwamuna wotsala magawo 20 ngati womwalira sanasiye wilo, linadza chifukwa amayi amasiye a kuno ankalandidwa ndi mapoto omwe, maliro asanathe n'komwe. Ndipo kuyambira 1997 mtsikana wotenga mimba amaloledwa kubwerera kusukulu akachira. Misozi imene inabala zonsezi ndi ya kuno kwathu.

Mwanayo mwina anayankhula mothamanga magazi, ndipo ndikanakumana naye ndikanam'langiza za kayankhulidwe kwa bambo ake. Koma musam'tsutse musanawerenge. Tengani kope, kwa mlungu umodzi muzilemba maola amene inu mwagwira ntchito ndi amene amayi agwira, kuphatikizapo kutunga madzi ndi kudwazika. Ngati muli ndi anyamata pakhomo, lembaninso amene akutsuka mbale. Lamlungu mukachoka kutchalitchi, khalani pansi ndi amayiwo, muwaonetse kopelo, ndipo muwalole ayambe ndiwo kuyankhula.