Nsanja 149 zomwe America inafuna kutseka mu 2013

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti boma la America linafuna kutseka nsanja zowongolera ndege chifukwa chodula bajeti, komanso ngati ndege ingatere bwinobwino pabwalo lopanda nsanja. Zonse ziwiri n'zoona. Koma mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa m'mayankho ndaonamo ena akuti nsanja zilibe ntchito, ena akuti ndege zikanangogwa ngati mango, ndipo onsewa nkhaniyi aigwira kumchira.

Zinachitika mu 2013, koma gwero lake ndi mkangano wa mu 2011 pakati pa a Barack Obama ndi aphungu a chipani cha Republican pa za ngongole za boma. Anamanga lamulo lotchedwa Budget Control Act ndipo anatcheramo msampha: komiti yapadera ya aphungu 12 ikalephera kugwirizana mochepetsera ndalama zomwe boma limawononga, ndalama zidzadulidwa zokha m'nthambi zambiri za boma, mosayang'ana nkhope. Ankaganiza kuti mbali zonse ziopa msamphawo n'kumvana. Sanamvane. Komiti ija inagwa mphwayi mu Novembala 2011, ndipo pa 1 Malichi 2013 chikwanje chinatera: madola 85 biliyoni anachotsedwa pa bajeti ya chaka chimenecho. Kumeneko amati sequestration.

Bungwe loyang'anira maulendo a pandege, FAA, linauzidwa kuti lichotse madola 637 miliyoni. Pa 22 Malichi linalengeza kuti nsanja 149 za m'mabwalo ang'onoang'ono ziyamba kutsekedwa pa 7 Epulo. Mabwalo ndi maboma a m'mizinda anathamangira kukhothi, tsikulo n'kusunthidwa kufika pa 15 Juni.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti nsanja zosankhidwazo zinali zotchipa kuposa zonse. Anthu ogwiramo sanali antchito a boma, anali a makampani omwe FAA inawapatsa kontrakiti. Ndondomekoyi inayamba mu 1982, pulezidenti wa nthawiyo, a Ronald Reagan, atachotsa ntchito owongolera ndege oposa 11,000 omwe ananyanyala mu 1981. Ofesi yofufuza za ndalama mu unduna wa zamtengatenga inapeza mu 2012 kuti nsanja yotere imadya ndalama zochepa ndi madola pafupifupi 1.5 miliyoni pachaka poyerekeza ndi inzake yofanana nayo ya boma, ndipo pa chitetezo siyiperewera. Munthu wofuna kusunga ndalama mwanzeru sakanayambira pamenepo. Koma lamulo lija silinkalola kuti wina akhale pansi n'kusankha. Nthambi iliyonse inkadulidwa payokha, ndipo kusamutsa ndalama kuchoka thumba lina kupita lina kunali komangika.

Tsono ku funso lanu lachiwiri. Nsanja siiwongolera ndege ulendo wonse ayi. Ndege ikakwera m'mwamba imakhala m'manja mwa anthu ena okhala m'zipinda za radar kutali ndi bwalo. Wa m'nsanja ntchito yake ndi ya pabwalo penipeni ndi makilomita ochepa ozungulira: ndani anyamuke, ndani adikire, ndani atere pa msewu uti, galimoto iti idutse. Ku America mabwalo otsegulidwa kwa aliyense alipo pafupifupi 5,000, koma okhala ndi nsanja ndi pafupifupi 500 okha. Ena onsewo oyendetsa ndege amamvana okha. Bwalo lililonse lili ndi nambala yake ya pawailesi, ndipo aliyense akamayandikira amatchula dzina la bwalo, ndege yake, pomwe ali ndi chomwe akufuna kuchita. Pali njira yodziwika yozungulira bwalo usanatere, kawirikawiri mokhotera kumanzere, ndipo pamwamba pa zonsezo munthu amayang'ana ndi maso ake pawindo. Ngakhale mabwalo ambiri okhala ndi nsanja amatseka nsanjayo usiku, ndege n'kumaterabe mwa njira imeneyi.

Ndiye inde, zimatheka, ndipo zimachitika tsiku ndi tsiku. Koma taganizirani mphambano. Ya kumudzi, komwe kumadutsa galimoto zitatu pa ola, siifuna maloboti. Ya m'tauni nthawi yoweruka, maloboti akathima, anthu amadutsabe, koma mwamantha, mochedwa, ndipo pamangofunika dalaivala mmodzi wosatchera khutu. Mabwalo 149 aja anali ndi nsanja chifukwa anali atapitirira msinkhu wa mphambano ya kumudzi. Ena amaterapo ophunzira kuyendetsa ndege m'tindege toyenda pang'onopang'ono, pomwepo jeti ya kampani yothamanga kawiri, pomwepo ndege yonyamula wodwala, kwinanso ndege zankhondo. Kusakanikirana kumeneko n'komwe kumafuna diso la munthu mmodzi woona zonse.

Pali ngozi ina yomwe ndimaikumbukira nthawi zonse nkhaniyi ikabuka. Pa 19 Novembala 1996, pabwalo lopanda nsanja la ku Quincy m'chigawo cha Illinois, ndege yonyamula anthu ya United Express inkatera. Oyendetsa anafunsa pawailesi ngati ndege ya mtundu wa King Air yomwe inali pa msewu wina wopingasa idikira. Anayankha ndi woyendetsa ndege ina yachitatu yomwe inali kumbuyo kwa King Air, mawu ake n'kudukaduka, ndipo oterawo anaganiza kuti ayankhidwa ndi King Air ija. King Air inayamba kuthamanga kuti inyamuke, ndege ziwirizo n'kukumana pomwe misewu imapingasana. Anthu 14 onse a m'ndege ziwirizo anafa. Palibe injini yomwe inafa, nyengo inali bwino. Kunangosowa munthu wonena kuti iwe ima, iwe tera.

Mapeto ake nsanja zija sizinatsekedwe, koma chomwe chinazipulumutsa si nkhani ya chitetezo. Pa 21 Epulo FAA inayamba kupereka tchuthi chosalipidwa kwa antchito ake pafupifupi 47,000, kuphatikizapo owongolera ndege pafupifupi 15,000, tsiku limodzi pa milungu iwiri iliyonse. Ndege zinayamba kuchedwa ku New York, ku Los Angeles ndi m'mabwalo ena akuluakulu, momwe amadutsa abwana a makampani, atolankhani ndi aphungu eniake popita kumadera awo. Aphungu omwe anakanika kumvana kwa zaka ziwiri anamvana sabata isanathe. Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo, inavomereza lamulo latsopano pa 25 Epulo, nyumba inayo pa 26 Epulo ndi mavoti 361 kwa 41, a Obama n'kusaina pa 1 Meyi. Pa 10 Meyi nduna ya zamtengatenga, a Ray LaHood, inalengeza kuti nsanja zonse 149 zigwirabe ntchito mpaka chaka cha boma chithe pa 30 Sepitembala.

Ndinasangalala kuti nsanjazo zatsala, ndipo ndikanali wosangalala nazo. Koma muone komwe ndalama zinachokera. Palibe tambala yatsopano yomwe inaperekedwa. Lamulolo linangolola FAA kutapa madola 253 miliyoni m'thumba lomangira ndi kukonzera mabwalo a ndege, kutanthauza misewu yoterapo, magetsi ake ndi zina zotero. Anasenda denga kuti atseke chibowo cha pakhoma. Ndipo nthambi zina zomwe anthu ake sakwera ndege sizinachitiridwe chifundo chotere. Ndondomeko ya Head Start, yosamalira ana a mabanja osauka asanayambe sukulu, inataya malo a ana pafupifupi 57,000 chaka chomwecho, ndipo chakudya chomwe amaperekera okalamba m'makomo mwawo chinachepetsedwanso m'madera ambiri. Iwowa palibe lamulo lachangu lomwe linawadutsira m'masiku awiri.