Chinkhwe wanu akufunika malo ofunda kaye

Pepani ndi matendawa. Mwati chinkhwe wanu wafufumitsa nthenga, wasiya kudya, ndipo ndalama zikuvuta. Mbalamezi zimabisa matenda, moti zikafika poonekera chonchi ndiye kuti zadwaladi.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Muikeni pamalo ofunda, madigiri 27 mpaka 30, kutali ndi mphepo ndi utsi wa fodya kapena wakukhitchini. Phimbani mbali zitatu za khola ndi nsalu, chakudya ndi madzi zikhale pansi pomwe angafikire. Yalani pepala loyera kuti muziona zitosi zake. Ngati muli ndi sikelo yakukhitchini, muzimuyeza m'mawa uliwonse. Kulemera kwake kukatsika ndi 10 peresenti, zafika poipa.

Chonde musamupatse paracetamol kapena mankhwala ena a anthu. Mapeyala ndi chokoleti nazonso ndi poizoni kwa iye.

Koma akamapuma kukamwa kuli yasa, mchira ukugwedezeka, thamangirani kwa dokotala wa ziweto lero lomwe. Muuzeni poyambirira ndalama zomwe muli nazo, mupemphe ayambe ndi kuyeza zitosi, n'kotsika mtengo. Ndipo muzisamba m'manja mukamugwira, chifukwa matenda a mbalame otchedwa psittacosis amagwiranso anthu.