Yankho kwa mbale wofunsa za chida chochotsera valve core pa eyakoni

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kugula chida chochotsera valve core (kapini kakang'ono kotseka gasi m'kati mwa poti) pamene mwangoyamba kumene ntchito yoika maeyakoni m'nyumba za anthu, ndipo mwatchulanso za eyakoni ya kasitomala wanu wa ku Chilenje imene ikuchita thovu pa service port (poti yolumikizirapo paipi poyeza kapena powonjezera gasi) mukapakapo madzi a sopo. Ine ndikuti chiguleni, ngakhale amisiri ena akale amati n'kutaya ndalama, koma musanapite kusitolo muone kaye kukula kwa poti imene mudzagwirapo.

Maeyakoni ambiri a split (okhala ndi makina a m'nyumba ndi ena akunja) ogwiritsa ntchito gasi wa R410A kapena R32 ali ndi poti ya 5/16 ya inchi, pamene akale a R22 ali ndi ya 1/4. Ine choyamba changa ndinagula cha 1/4 m'tauni osafunsa, ndipo ndinazindikira kulakwa kwanga nditakwera kale makwerero pakhoma la nyumba ina ku Chalala. Adaputa wamba sangakupulumutseni, chifukwa kapini kameneka kamayenera kudutsa m'kati mwa chidacho. Ngati thumba likulola, khalani ndi zonse ziwiri, pakuti makina a R22 akadalipo m'nyumba ndi m'maofesi akale a mu Lusaka ngakhale gasiyo akuthetsedwa pang'onopang'ono motsatira pangano la mayiko la Montreal Protocol la 1987. Musankhenso chimene alembapo kuti chimagwira vacuum (sichilowetsa mpweya pamene pampu ikukoka mpweya ndi chinyezi m'mapaipi) ndiponso chokhala ndi poti yam'mbali.

Pa eyakoni ya ku Chilenjeyo, yambani mwaithimitsa, ndipo muvale magolovesi ndi magalasi, chifukwa gasi akatuluka mwamphamvu amaotcha khungu ndi kuzizira kwake. M'kutentha kwa Okutobala, R410A amapitirira 250 psi (muyeso wa mphamvu ya gasi) makina ali chiimire, choncho si zochita ndi manja osaphimba. R32 amatha kuyaka, ndiye pafupi pasakhale wosuta fodya kapena mbaula. Mangani chidacho papoti, mutsegule valavu yake, mukankhe kandodo kake mpaka mumve kuti kagwira kapini, kenako mupotokolere kumanzere pang'onopang'ono. Kapini kakamasuka, mphamvu ya gasi imakankhira kandodoko kunja, ndiye chala chachikulu chikhale pamwamba pake. Apa m'pamene ambiri amawonongera chida chatsopano: amatseka valavu kandodo kasanabwerere kotheratu, valavuyo n'kuluma kapini. Kokani mpaka kumapeto, mutseke, ndiyeno mumasule mbali yakumbuyo. Nthawi zina mudzapeza kandodo kabwera kopanda kanthu, kapini katatsalira m'kati. Musadabwe nazo, ingobwezerani ndi kuyesanso.

Kapini katsopano kakhale kopangidwira mafiriji ndi maeyakoni. Kam'tayala la galimoto kamalowa bwinobwino ndipo kamaoneka chimodzimodzi, koma labala wake sanapangidwire gasi ndi mafuta a kompuresa, moti mudzabwererako pasanapite nthawi, pa mafuta a galimoto anu. Pomanga musachite ngati mukumanga nati ya wilo, chifukwa mukalimbitsa mopyola mumaphwanya labalayo. N'zoona kuti pa split mukhoza kubwezera gasi yense m'makina akunja, kutseka mavalavu ndi Allen key, n'kusintha kapini popanda chidachi, koma mukatero mpweya walowa m'mapaipi ndipo muyenera kukokanso vacuum. Ntchito ya mphindi zochepa yasanduka ya masana onse.

Komabe phindu lenileni la chidachi, kwa inu amene mukuika makina atsopano, lili pa vacuum. Kapini kaja kamatseka pafupifupi njira yonse ya m'poti, kotero pampu imakoka ngati munthu womwa phala ndi kaudzu. Mukakachotsa n'kulumikiza paipi yaifupi ndi yotakata kumbuyo kwa chidacho, geji ya micron (yoyeza kuya kwa vacuum) n'kuiika papoti yam'mbali, mudzaona manambala akutsika mofulumira kwambiri, zimene zili zofunika pamene simukudziwa kuti magetsi akhalapo mpaka liti. Tsikani mpaka 500 micron kapena kucheperapo, mutseke valavu ya chidacho kuti pampu ipatuke, ndipo mudikire mphindi 10 kapena 15. Nambala ikakwera pang'ono n'kukhazikika chapamwamba, m'mapaipi mukadali chinyezi, ndipo mupitirize kukoka. Ikamangokwera osaima, pali podontha, ndipo kawirikawiri ndi pa flare, polumikizira mapaipi, pamene munamanga nokha. Geji ya singano ya pa manifold (mageji wamba oyezera mphamvu ya gasi) singakuuzeni zimenezi, chifukwa imafika pansi mapaipi asanaume. Ngati mulibe geji ya micron, ikhale yotsatira kugula, apo ayi chidachi chidzakuthandizani theka chabe.

Pobwezera kapini musapupulume. Musakalowetse mapaipi akadali pa vacuum, pakuti kampweya kali konse kolowa panthawiyo kafafaniza ntchito yonse imene pampu yagwira. Valavu ya chida ikadali yotseka, chotsani paipi ya pampu ndi geji ya micron ngati si yopirira mphamvu ya gasi, mutsegule valavu ya makina pang'ono kuti gasi alowe m'mapaipi, ndipo pamenepo ndiye mulowetse kapini. Mukatero chotuluka ndi gasi wochepa, osati mpweya kulowa.

Mukamaliza ku Chilenje, pakaninso madzi a sopo papoti, kenako mubwezere chotsekera chake n'kuchimanga bwino, chifukwa fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala likalowa pakapini ndi limene limayambitsa kudontha kwina. Popeza makinawo akhala akutaya gasi, muyesenso ngati akuziziritsa mokwanira musanalandire malipiro, ndipo muwerenge chikwangwani cha pamakina akunja kuti mudziwe mtundu ndi kulemera kwa gasi wofunika musanawonjezere.