Tifunseni: Kodi kumwezi kukasokonekera ndiye kuti ndi khansa?

Anti, ndili ndi zaka 34, ana awiri. Chaka chino msambo wanga wasokonekera, nthawi zina umadumpha miyezi iwiri kapena itatu kenako ukabwera umabwera wambiri ndi mibulu. Mnzanga akuti magazi akapanda kutuluka amaundana m'mimba n'kusanduka khansa. Zoona zimenezi? Tulo sindikuona. — Mayi wankhawa

Achemwali, mtima ukhale m'malo kaye. Magazi sasanduka khansa ayi, mnzanuyo anangomva zolakwika. Khansa imayambira mu selo. Thupi lathu lonseli ndi maselo, ndipo selo lililonse lili ndi malangizo olembedwa m'kati mwake, otchedwa DNA, ouza kuti ligawikane liti, lisiye liti, komanso life liti likawonongeka. DNA ija ikalakwika kangapo m'malo ofunika, selo limasiya kumvera, limangoswana basi osaleka, mpaka chotupa, mpaka kulowerera ziwalo zina. Zili ngati galimoto yoduka mabuleki pamtsetse.

Ndiye chimene ine chimandidabwitsa mpaka lero n'chakuti chiberekero chimachita kukula kothamanga kumeneku mwezi ndi mwezi koma osasochera. Mukangomaliza kusamba, homoni ya estrogen imauza khungu la m'kati mwa chiberekero kuti likhuthale, maselo amagawikana mwamsangamsanga. Dzira likatuluka m'thumba la mazira, masiku pafupifupi 14 msambo wina usanayambe, malo amene latulukawo amayamba kupanga homoni ina yotchedwa progesterone, ndipo iyeyu ndi amene amati basi kukula kwakwana, tsopano konzekerani mimba. Mimba ikapanda kukhala, progesterone imatsika, khungu lija limasupuka n'kutuluka, ndiwo msambowo. Kwa ambiri zonsezi zimatenga masiku 21 mpaka 35, sikuti aliyense ndi 28 ngati mmene tinkaphunzirira.

Tsopano apa mvetserani bwino chifukwa nkhani yanu ili apa. Mukamadumpha miyezi, kawirikawiri ndiye kuti dzira silikutuluka, ndiye progesterone palibe, estrogen ikugwira ntchito yokha popanda woiletsa. Khungu lija limangokhuthala, n'chifukwa chake tsiku lobwera amabwera ambiri ndi mibulu. Kwa miyezi yochepa si khansa imeneyo. Koma zikakhala choncho kwa zaka, maselo ogawikana mosalekeza aja amapeza mpata wambiri wolakwitsa DNA, ndipo chiopsezo cha khansa ya m'kati mwa chiberekero chimakwera. Zimachitika kwambiri kwa amene ali ndi vuto la PCOS (kusokonekera kwa mahomoni kolepheretsa dzira kutuluka mwezi ndi mwezi) komanso onenepa kwambiri, poti mafuta a m'thupi nawonso amapanga estrogen. Pitani akakupimeni, poyamba aone ngati si mimba, aone chithokomiro, mwina akujambuleni sikani. Thandizo lake nthawi zambiri ndi mankhwala okhala ndi progesterone, mapiritsi kapena lupu ya mahomoni, ndipo amateteza khungu limenelo. Muwauzenso ngati mukumva chizungulire, magazi akhoza kukhala atachepa m'thupi.

Anti, mayi anga ali ndi zaka 58, anasiya kusamba kalekale koma mwezi watha anaonanso timagazi pang'ono. Akuti ndi msambo wabwerera ndipo akukana kupita kuchipatala. — Mwana wawo wamkazi

Mwanawe, msambo subwerera. Mayi akatha miyezi 12 osasamba ndiye kuti watha basi, magazi alionse obwera pambuyo pake, ngakhale kadontho kamodzi, ayenera kuonedwa ndi dokotala. Ambiri amapezeka kuti si khansa, khungu la m'kati mwa chiberekero limangopyapyala chifukwa cha kuchepa kwa estrogen. Koma khansa ya m'kati mwa chiberekero imayamba ndi chizindikiro chomwechi, ndipo ikapezeka msanga imachizika bwino ndi opaleshoni. Musawaopseze, alankhuleni mwaulemu, muwaperekeze nokha, sabata ino.

Anti, ndimaona magazi ndikakhala ndi bambo akunyumba ngakhale sindili kumwezi. Komanso mabere amandiwawa msambo ukayandikira. Zonsezi ndi chimodzi? — Mayi wa zaka 29

Ayi achemwali, ndi nkhani ziwiri zosiyana. Za maberezo n'zamahomoni, amatupa n'kumawawa masiku angapo musanayambe kusamba kenako amaphwa, akazi ambiri zimawachitikira. Chodetsa nkhawa ndi kambulu kolimba kamene kakhalabe msambo utatha, khungu kubonyoka, kapena magazi kutuluka pansonga ya bere. Zoti mahomoni a m'thumba la mazira amadyetsa khansa zina za m'mabere zinadziwika kale, mu 1896 dokotala George Beatson wa ku Glasgow anachotsa matumba a mazira kwa amayi odwala khansa ya bere ndipo mwa ena zotupa zinachepa. N'chifukwa chake masiku ano pali mankhwala ngati tamoxifen otsekereza estrogen, n'chifukwa chakenso kutha msinkhu usanafike zaka 12 kapena kusiya kusamba utadutsa 55 kumakweza chiopsezo pang'ono, thupi limakhala zaka zambiri lili pa estrogen.

Koma magazi aja ndi amene sindikufuna muwanyozere. Angakhale matenda opatsirana pogonana kapena kachilonda chabe, komanso angakhale ochokera ku khansa ya khomo la chiberekero. Iyi siyamba chifukwa cha msambo, imayamba ndi kachilombo ka HPV kopatsirana pogonana, kamene wasayansi wa ku Germany Harald zur Hausen anakatulukira kuti ndiko gwero lake mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiri yokha ya kachilomboka, 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa imeneyi. Kachilomboka kamalowa mu selo n'kufooketsa puloteni yotchedwa p53, imene ntchito yake ndi kuimitsa selo lowonongeka kuti lisaswane. Anthu ambiri thupi limakachotsa lokha, koma kakakhalitsa khansa imatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ifike, ndipo kwa amene chitetezo chawo ndi chofooka, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zaka 5 mpaka 10 zokha. Nthawi yonseyi munthu samva kuwawa kulikonse koma poyeza zimaoneka ndipo amazichiza zisanafike poipa. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati kuyezetsa kuyambe pa zaka 30, kapena 25 ngati muli ndi HIV, koma inu poti mukuona kale magazi musadikire msinkhu, pitani akaone khomolo ndipo mukanene zonse mmene mwandiuziramu.